Matemba a masana ndi mapilitsi a bambo anu

Mayi wina wa ku Matawale wandilembera imelo yofunsa chifukwa chake mapilitsi a levodopa, amene bambo ake amamwa pa matenda a Parkinson's (matenda a mu ubongo onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi), amagwira bwino ntchito m'mawa koma amachita ngati asukuluka masana bambowo akadya nsima ya matemba. Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa zimene mukuonazo ndinaziona ndi maso anga pa malume anga, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Malume anali telala wa pakhonde ku Chinamwali. Dzanja lawo lamanja litayamba kunjenjemera, chinthu choyamba kuwakanika chinali kulowetsa ulusi m'singano. Atayamba kumwa levodopa zinthu zinasintha: m'mawa, atamwa pilitsi ndi tiyi wopanda mkaka, ankakhala pa makina n'kusoka malaya mpaka dzuwa kufika pamutu. Koma akangodya chamasana mapazi ankachita ngati amatidwa pansi, moti kuchoka pa mpando kukafika pakhomo inali nkhondo. Abale ena anayamba kunong'ona za ufiti. Ine, poti ndinkadziona ngati wophunzira, ndinaganiza kuti tikugulitsidwa mankhwala achinyengo, ndipo ndinapita kukamuzazira munthu wosalakwa m'sitolo ina ya mankhwala. Nthawi yonseyo akazi awo a malume, mwa chikondi chawo, ankawawonjezera mazira, nyemba ndi mlamba wa ku Chilwa kuti apeze mphamvu, n'kuwapatsira pilitsi pa mbale yomweyo. Amene tinkatsekereza mankhwalawo tinali ife eni.

Ubongo sulandira chilichonse chimene chili m'magazi. M'chaka cha 1885 Paul Ehrlich anabaya nyama utoto ndipo anaona ziwalo zambiri zitasintha mtundu, koma ubongo ayi. Chifukwa chake chinaoneka bwino mu 1967, pamene Thomas Reese ndi Morris Karnovsky anasonyeza kuti maselo amene amayala m'kati mwa timitsempha ta magazi ta mu ubongo ndi olumikizana mothinana, monga msoko wa telala wodziwa ntchito, wosasiya mpata, moti amakhala ngati mpanda pakati pa magazi ndi ubongo. Mpweya wa okosijeni ndi mowa zimabowola maselowo n'kudutsa zokha. Shuga ali ndi khomo lakelake. Ma amino acid, tizidutswa timene timatsala thupi likagaya mapuloteni a m'nsomba, nyemba kapena mazira, sangadutse popanda chowanyamula.

Amene anaimapo pa doko la Kachulu kudikira bwato lopita ku chilumba cha Chisi amvetsa msanga. Bwato lalikulu pa mpanda wa ubongo, ndiye kuti chonyamula ma amino acid chija, limatchedwa LAT1, ndipo limanyamula gulu la ma amino acid akuluakulu monga leucine, isoleucine, valine, phenylalanine, tyrosine ndi tryptophan. Malo ake ndi ochepa, ndipo ngakhale munthu asanadye limakhala litatsala pang'ono kudzaza. Choncho chimene chimalamula si kuchuluka kwa amino acid mmodzi m'magazi, koma kuchuluka kwake poyerekeza ndi anzake amene akulimbirana nawo malo. William Oldendorf anaonetsa kulimbirana kumeneku pa makoswe mu 1971. Ma amino acid ena, lysine ndi arginine, ali ndi bwato lawo lina, pomwe wina wotchedwa glutamate kawirikawiri amachita kutulutsidwa mu ubongo m'malo molowetsedwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya bambo anu. Chimene chikuperewera mu ubongo wawo ndi dopamine, mankhwala achilengedwe amene ubongo umagwiritsa ntchito poyendetsa thupi, koma dopamine weniweniyo sangadutse mpandawo. Levodopa ndi amino acid wofanana kwambiri ndi tyrosine, motero bwato limamulandira, ndipo akafika tsidya ubongo umamusandutsa dopamine. Bambo akadya matemba pamodzi ndi pilitsi, khamu la ma amino acid limafika pa doko nthawi imodzi ndi mankhwalawo. Kulimbirana kumayambira m'matumbo momwe, kenaka kumabwerezedwa pa khomo la ubongo, ndipo levodopa, amene sakhalitsa m'magazi, amatha mphamvu akudikirabe m'mphepete.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikaona anthu pa Facebook ndi WhatsApp akutsatsa ufa wodula wa mapuloteni kuti ndi chakudya cha ubongo, ndipo sindibisa mawu: kumeneko ndi kudyera anthu masuku pamutu. Amati muli tryptophan, amene ubongo umapangira serotonin, mankhwala achilengedwe okhudza mmene munthu akumvera mumtima. Tryptophan alimodi, koma m'mapuloteni ambiri iye ndiye wochepa kuposa anzake onse, kotero munthu akamwa ufawo amangochulukitsa omulanda malo. John Fernstrom ndi Richard Wurtman a ku MIT, yunivesite ya ku America, anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti pa makoswe chakudya chokhutitsa chopanda mapuloteni ndicho chimakweza tryptophan mu ubongo, chifukwa insulin, amene thupi limatulutsa shuga akakwera m'magazi, amakokera leucine, isoleucine ndi valine m'minofu, doko n'kupepukidwa. Kwa wodwala Parkinson's, kusungunulira ufa woterowo m'phala la m'mawa ndi kubwereza kulakwa kwathu komwe kuja, kungoti pa mtengo wokwera.

Komabe wina asamve ngati ndikuti ndiwo ndi mdani. Chimanga chathu n'chosauka pa lysine ndi tryptophan, ndipo thupi limagwiritsanso ntchito tryptophan kupanga vitamini wotchedwa niacin. Dziko lino linaona zotsatira zake mu 1990, pamene matenda a pellagra, obwera chifukwa chosowa niacin, anabuka pakati pa anthu othawa nkhondo ochokera ku Mozambique amene ankadalira kwambiri chimanga mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Munthu wokalamba womanidwa nsomba ndi nyemba amatha minofu, ndipo wopanda minofu ndiye amagwa kawirikawiri.

Nanga bambo achite chiyani?

Pilitsi amwe ndi madzi mphindi 30 kapena ola limodzi asanadye, kapena patatha ola limodzi kapena awiri atadya. Akachita nseru, kachidutswa ka mbatata kapena nthochi sikasokoneza. Matemba, nyemba ndi mazira musazichotse; ambiri zimawathandiza kusunthira gawo lalikulu ku chakudya chamadzulo. Kwa sabata imodzi lembani m'kope nthawi ya pilitsi, zimene adya ndi nthawi imene thupi lauma, ndipo kopelo mupite nalo kwa dokotala wawo musanasinthe mlingo uliwonse, pakuti kusiya levodopa mwadzidzidzi n'koopsa. Ndi kope lotero limene linamutsegula maso dokotala wa malume, ndipo mlamba utasamukira madzulo, iwo anayambanso kusoka mayunifomu a ana a sukulu mpaka cha m'ma 3 koloko masana.