Funsani Malume: Kodi Aarabu amaimbiradi mbava za m'chipululu?

Malume, ndine mnyamata wa ku Mangochi ndipo ndimaimba kaligo yomwe anandisiyira agogo anga. Tsiku lina pa YouTube ndinaona mkulu wina wachiarabu akukwecha kachipangizo ka chingwe chimodzi kofanana ndi kanga, mawu ake ngati ali pamaliro. Mnzanga wodziwako Chiarabu akuti nkhalambayo imatamanda anthu olanda ngamila m'chipululu. Kodi n'zoona? Nanga maimbidwe amenewa dzina lake n'chiyani?
Woimba kaligo, Mangochi

Mphwanga, mnzakoyo sanakunamize, ngakhale kuti si aliyense wogwira kachipangizoko amene amaimba za kuba. Dzina la kachipangizoko ndi rababa. Ya Abeduwini, anthu oweta ngamila ku Jordan, Syria, Iraq ndi Saudi Arabia, ndi kabokosi kathabwa ka ngodya zinayi kokutidwa ndi chikopa, ndipo chingwe chake chimodzicho n'cha ubweya wa kumchira kwa hatchi. Eni ake amati rababat al-sha'ir, kutanthauza rababa ya mlakatuli. Ugwire dzina limeneli: mwini bwalo ndi mawu, chingwe chimangovomera. Munthu amaimba mzere, n'kupuma, uta n'kubwereza kamaimbidwe komweko, iye n'kuponyanso mzere wina. Ukamayembekeza kolasi yovinira ufika nayo m'mawa.

Mtundu umodzi wa nyimbo za mbava zokhazokha palibe. Nkhani zawo zimakwera pa maimbidwe omwewo a nkhondo, chikondi ndi ulendo. Ndakatulo za m'chilankhulo cha kumudzi cha Abeduwini zimatchedwa nabati. Pali hijayni, yomwe imatsata mayendedwe a ngamila, ndiye palinso shuruqi ya ku Jordan ndi kummwera kwa Syria, yokoka mawu pang'onopang'ono, yoyenera nkhani zitalizitali. Malinga ndi m'mene wafotokozera, ndikuganiza kuti unamva shuruqi.

Kulakatula za anthu oterewa kunayamba kale, m'zaka za m'ma 500, Chisilamu chisanafike. Kunali amuna otchedwa sa'alik, ena opirikitsidwa ndi mafuko awo, ena amphawi chabe, omwe ankadya zofunkha. Mmodzi ankamutcha Ta'abbata Sharran, ndiye kuti "wapanira choipa m'khwapa", akuti chifukwa cha lupanga lomwe anatuluka nalo m'nyumba. Urwa ibn al-Ward anatchuka chifukwa chogawira osauka zomwe walanda. Koma amene amandigwira mtima ine ndi al-Shanfara. M'ndakatulo yomwe amati ndi yake, Lamiyyat al-Arab, ya mizere 68 yonse yothera pa L, amatsanzika abale ake n'kuwauza kuti wapeza abale ena oposa iwo, mmbulu, kambuku ndi fisi, pakuti amenewa saulula chinsinsi ndipo sataya mnzawo akalakwa. Fisi ameneyu, mphwanga, amene ife timamunena m'nthano zonse!

Ine rababa ndinaionera pafupi ndili pasukulu ku Cairo, mnzanga atanditengera ku ukwati kwawo kufupi ndi Luxor. Ya ku Egypt ndi ina: zingwe ziwiri, chigoba cha kokonati, pamwamba chikopa cha nsomba. Mlakatuli anakhala pabenchi, nduwira kumutu, kapu ya tiyi pambali. Anayamba ndi kutamanda Mtumiki, monga mwa mwambo, kenako analowa mu Sirat Bani Hilal, mbiri ya fuko lomwe linasamuka ku Najd, dera la ku Saudi Arabia ya lero, mpaka kukafika ku Tunisia m'zaka za m'ma 1000, ngwazi yake Abu Zayd al-Hilali. Bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la chuma cha anthu onse mu 2003. Chiarabu changa cha m'kalasi chinandithera pomwepo. Ndinkangoona amuna akudzuka n'kukuwa "Allah!" pamene ine sindinamve kanthu. Mnzanga anandinong'oneza kuti mkuluyo wamaliza mizere iwiri ndi mawu omveka chimodzimodzi koma matanthauzo osiyana, ndipo anthu akusangalala kuti amugwira. Abu Zayd atangosolola lupanga, nkhalamba ija inaika uta pansi n'kuyamba kumwa tiyi. Sinapitirize mpaka ndalama zitatuluka m'matumba.

Abu Zayd ndi wankhondo, si mbava. Mbava yeniyeni ya m'nyimbo za ku Egypt ndi Adham al-Sharqawi, yemwe apolisi anamuwombera mu 1921 ali ndi zaka za m'ma 20. Kwawo kunali ku Beheira, dera la minda, osati mchenga, koma nkhani yake imaimbidwa mu mawwal, maimbidwe opanda kugunda kokhazikika omwe woimba amakoka mawu m'mene wafunira. Mu mawwal, Adham ndi wobwezera imfa ya mbale wa bambo ake, wozunguza boma, woperekedwa ndi bwenzi lake lapamtima. Nyuzipepala za nthawiyo zinkamutcha chigawenga basi. Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anthu okonda nyimbozi mopitirira: woimba amachapa munthu. Mwini ngamila zobedwa, kapena mayi wa mlonda wophedwa, simuwamva m'ndime iliyonse.

Ku Sudan, makamaka m'chigwa cha Butana, kunali ahambata, olanda ngamila omwe ankadzipekera okha ndakatulo za mizere inayi zotchedwa dobeit. Anali ndi malamulo awo: kulanda kwa mwini khola lalikulu, osati kwa mayi wamasiye kapena mnansi. Kaya onse ankawasunga, ngamila ndi zomwe zinganene. Dobeit kawirikawiri imaimbidwa pakamwa pokha, popanda chipangizo.

Ukafuna kumva zambiri, lemba "rababa shuruqi", "Sira Hilaliyya" kapena "dobeit Butana" pa YouTube pomwepo. Pomvera, usatsate chingwe, tsata pamene woimba akupumira. Kenako tenga kaligo ya agogo, usankhe nkhani imodzi ya kwanu yomwe akuluakulu amakamba madzulo, uimbe mzere umodzi, kaligo iyankhe. Ukajambula unditumizire kuno ku ofesi, koma usaikemo ng'oma za pakompyuta.

Malume