Jakisoni wa prostaglandin sabayidwa ng'ombe isanayezedwe bere

Funso lachokera kwa mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Bembeke, m'boma la Dedza. Akuti ng'ombe yawo inatha miyezi isanu chiberekereni osaonetsa kuti ikufuna nkhunzi, ndipo mnzawo wa m'gulu logulitsa mkaka anawagawira mankhwala otsala m'botolo, amene iwo anabaya okha. Patapita masiku atatu ng'ombeyo inayamba kudzikakamiza ngati ikubereka, kenako inapoloza. Akufunsa ngati mankhwalawo anali owonongeka, komanso ngati ng'ombeyo idzatenganso bere.

Bambo, mankhwalawo sanali owonongeka, anagwira ntchito yake yeniyeni, ndipo amene munalakwitsa ndinu pobaya ng'ombe imene palibe anaiyeza kuti ilibe bere. Dzina la mankhwalawo simunalitchule, koma malinga ndi mmene mwafotokozera sindikukayika kuti anali a mtundu wa prostaglandin, monga Lutalyse kapena Estrumate. Ng'ombe yanu inaleka kufuna nkhunzi chifukwa inali kale ndi bere la miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ndikuganiza kuti inakwereredwa tsiku lina ana ataitulutsa kukadya ku dambo. Zotere ndimakumana nazo chaka ndi chaka anthu akakolola, pamene ziweto za m'mudzi zimasakanikirana m'mapesi.

Thupi la nyama, ngakhalenso la munthu, limapanga lokha prostaglandin kuchokera ku mafuta ena a m'maselo, ndipo alipo a mitundu ingapo. Ntchito yake yaikulu ili pa minofu imene imayenda yokha popanda mwini thupi kuilamula, monga ya chiberekero, ya matumbo, ya njira za mpweya ndi ya m'makoma a mitsempha ya magazi. Mtundu wotchedwa F2 alpha umakunga minofu imeneyi, kotero kuti chiberekero chimafinyika ndipo mitsempha imachepa mpata. Mitundu ina, monga E2 ndi prostacyclin, imamasula mitsempha kuti magazi adutse ambiri, n'chifukwa chake malo a bala amatupa, kufiira ndi kutentha. Mankhwala a ululu monga aspirin amathandiza poletsa thupi kupanga prostaglandin.

Ng'ombe yopanda bere imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 alionse. Dzira likatuluka, pamalo pake pamamera kanthu kachikasu kamene madokotala a ziweto amakatcha corpus luteum, ndipo kameneka kamatulutsa progesterone, amene amakhazika chiberekero bata kuti bere likhale. Ngati bere silinachitike, cha pa tsiku la 17 chiberekero chimatulutsa F2 alpha, amene amadutsa kuchoka mu mtsempha wa chiberekero kulowa mu mtsempha wopita ku thumba la mazira, chifukwa mitsempha iwiriyi inapiringizana. Magazi opita ku kanthu kachikasu kaja amachepa, iko kamafota, progesterone amatsika, ndipo ng'ombe imayambanso kukwera zinzake. Jakisoni wanu anachita zomwezi, kungoti m'chiberekero munali mwana. Pa ng'ombe ngozi yopoloza imakhala yaikulu mpaka bere litafika miyezi isanu, pamene mbuzi ikhoza kupoloza nthawi ina iliyonse, choncho otsalawo musawayesere pa mbuzi zanu.

Akabayidwa moyenera, mlangizi wa ziweto atalowetsa dzanja n'kutsimikiza kuti bere palibe koma kanthu kachikasu kalipo, ng'ombe imafuna nkhunzi pakati pa masiku awiri ndi asanu, ndipo ikapanda kutero timabwerezanso patapita masiku 11. Kuitana mlangizi kudzayeza kukanakudyerani ndalama zochepa basi, koma tsopano mwataya thole komanso miyezi ingapo ya mkaka wa chaka chamawa.

Ndinene pano kuti ng'ombe zambiri zimene ndaziona kuno ku mapiri zikuchedwa kufuna nkhunzi sizisowa jakisoni, zimasowa chakudya. Ng'ombe yowonda imene nthiti zake zikuwerengeka, thumba lake la mazira limagona, kanthu kachikasu sikakhalapo, ndipo prostaglandin alibe choti afotetse ngakhale mutabaya botolo lonse. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, nsenjere zikatha, ndi pamene madandaulo otere amachuluka. Ine ndimayamba ndi madeya, masangwi a mtedza kapena a soya osungidwa pouma, masamba a lukina pang'ono, mchere wonyambita ndi madzi osasowa m'khola, ndipo nthawi zambiri zimakonzeka popanda singano.

Za ng'ombe yanuyo, idzatenganso bere ngati chiberekero chayera bwino. Onetsetsani kuti zotsalira zatuluka, ndipo ngati zikulendewera musazikoke kapena kumangirirapo mwala monga ena amachitira, chifukwa mumang'amba chiberekero n'kulowetsa matenda. Ikasiya kudya, ikatentha thupi, kapena kumaliseche kukamatuluka zonunkha, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Kamwana kopolozako ndi zotsalira zikwirireni mozama mutavala magolovesi, agalu asazifukule. Nthawi yoyamba imene idzafune nkhunzi muilekerere idutse, mudzaipatse umuna pa nthawi yachiwiri, ndipo tsikulo mulilembe m'kope.

Botolo lotsalalo lichoke m'nyumba ndipo muliperekere kwa mlangizi. Mankhwala amenewa amalowa kudzera pakhungu, ndipo minofu ya munthu imawamva ngati mmene ya ng'ombe imawamvera: mayi woyembekezera akhoza kupita padera, ndipo wodwala mphumu akhoza kubanika chifukwa njira za mpweya zimafinyika. Anthu amenewa asagwire botolo kapena singano, ndipo ngati mankhwala atayikira pa dzanja la wina aliyense, asambe msanga ndi sopo ndi madzi ambiri.