Mwana wotsetsereka m'chikuku musamumange pachifuwa

Mayi amene mwafunsa chochita ndi mwana wanu wolumala amene akumatsetsereka m'chikuku chimene munalandira, chonde chonde, zimene ena akuuzani zoti muzimumanga mwanayo ndi chitenje pachifuwa kuti asamatsetsereke m'chikuku, zisiyeni lero lomwe. Mwana wa zaka 4 wouma thupi (amene minofu yake imakhala yokungika), amene mutu wake sunakhazikike, mukamumanga pachifuwa chiuno chili chomasuka zimatha chonchi: mwamusiya pakhonde, mwapita kuseri kukasonkhezera moto. Kabaza waliza belu pamsewu kapena galu wauwa, iye wadzidzimuka, thupi lonse lakungika, miyendo yawongoka, msana wakankha kumbuyo. Matako asunthira kutsogolo pang'ono. Wadzidzimukanso, asunthanso. Chitenje chija munachimanga ku chitsulo cha chikuku, ndiye sichitsika naye. Thupi ndi limene likutsika. Chimene chinali pachifuwa chafika m'khwapa, kenako pakhosi, pansi pa chibwano. Mwana wotere sangadzikweze, sangachikoke ndi manja, ndipo khosi likapanikizika ngakhale kukuwa sangathe. Akamasowa mpweya thupi limakungika kuposa kale, n'kumatsikirabe. Inu kuseri simumva kanthu, ndipo sizitenga nthawi yaitali. Lamba wa pachifuwa popanda lamba wa m'chiuno ndi msampha, kaya ndi chitenje kaya ndi lamba wogula wokongola.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi anthu ogawa zikukuzi. Amabwera ndi lole, kumanga tenti pabwalo la sukulu, kujambulitsa zithunzi, n'kumupatsa mwana wa makilogalamu 12 chikuku cha munthu wamkulu, chija cha nsalu yolendewera pokhalira ndi kumsana, chimene anachipangira kukankhira wodwala m'makhonde a chipatala. Palibe wamuyeza, palibe wamugwira kuti aone ngati ntchafu zimapindika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kaperekedwe ka zikuku mu 2008, ndipo amanena poyera kuti munthu ayambe wapimidwa, chikuku chimukwane, banja liphunzitsidwe, ogawawo adzabwerenso kudzaona. Iwo amangodumphira pa chithunzi basi. Nsalu yolendewera ija imagwetsera mawondo mkati, chiuno chimagwera kumbuyo, msana n'kuyamba kukhota. Timatayala take takutsogolo pa misewu ya ku Chikanda kapena ku Sadzi ku Zomba nthawi ya dzinja sitiyenda n'komwe. Mwana akayamba kulira akangoikidwamo, mlandu umagwera mayi, ati simukumuzoloweretsa, ati simuyamika. Ayi, chikukucho n'chimene sichili chake.

Kutsetsereka kumayambira m'chiuno, ndiye mankhwala ake ali m'chiuno momwemo: mpando wamatabwa womukwana, woti kalipentala amukhomere. Mutu ndi mapewa musayambe nazo.

Choyamba mugonekeni chagada pamphasa, mupinde ntchafu iliyonse payokha kulozetsa kumimba, dzanja lina litagwira fupa la chiuno. Muone ngati ntchafu ikufika pongodya ya madigiri 90 chiuno chisanayambe kusuntha. Ikafika, mpando wake ukhale wa ngodya imeneyo pakati pa pokhalira ndi potsamira. Ikapanda kufika, mpando utsatire mwana, osati kumukakamiza. Ntchafu ili pomwepo, yesani kuwongola bondo. Ana ambiri ouma thupi minofu ya kuseri kwa ntchafu ndi yaifupi, ndipo mukaika popondera mapazi kutsogolo ngati mmene zilili pa zikuku za akuluakulu, minofu imeneyi imakoka chiuno n'kuchigwetsera kumbuyo. Ichi ndi chifukwa chachikulu cha kutsetsereka chimene anthu sachiona. Mapazi akhale pansi penipeni pa mawondo, mwinanso kumbuyo pang'ono. Mukaona kuti bondo limodzi likuoneka lalifupi kuposa linzake, kapena miyendo yonse ikugwera mbali imodzi, kapena akulira mukamatsegula miyendo pomusintha thewera, imani kaye. Mwina fupa la ntchafu likuchoka m'malo mwake, ndipo pafunika X-ray musanakhome chilichonse.

Kenako mukhazikeni pa benchi yolimba, wina atamugwira, muyeze ndi tepi ya telala. M'lifupi mwa chiuno muwonjezere malo a siponji ya m'mbali okha, osati "oti akuliremo", chifukwa mpata uliwonse adzagweramo. Kutalika kwa pokhalira muyeze kuchokera kumbuyo kwa matako kufika kuseri kwa bondo, n'kuchotsapo zala ziwiri kapena zitatu. Apa m'pamene akalipentala amalakwitsa kawirikawiri: pokhalira pakatalika, thabwa limakanikiza kuseri kwa bondo, mwana amathawa ululuwo posunthira kutsogolo, mwabwerera poyambira. Yezaninso kuchokera kuseri kwa bondo kufika pansi pa chidendene, atavala nsapato zimene amavala, kuti phazi lonse lizipondera. Pomaliza kuchokera pokhalira kufika m'khwapa, paphewa ndi pankhongo.

Pokhalira pakhale thabwa lolimba, pulaiwudi ya mamilimita 12 imakwana. Pamwamba pake siponji yolimba ya masentimita 5, ija ya matiresi abwino, osati yofewa imene ukaifinya zala zimakumana. Siponjiyo isakhale yofanana ponseponse. Kumbuyo kumene kukhale matako ikhale yotsikirapo, kutsogolo pansi pa ntchafu muonjezere chidutswa china cha masentimita 2 kapena 3, kuti pakhale kachiunda kutsogolo kwa mafupa awiri aja amene timakhalira. Kachiunda kameneka ndi kamene kamatchinga matako. Ambiri amakhomera chipika pakati pa miyendo poganiza kuti chitchinga. Chipika ntchito yake n'kulekanitsa mawondo a mwana amene miyendo imapingasa, ndipo malo ake ndi pakati pa mawondo. Mukachiika pafupi ndi kumaliseche ngati buleki, mwana amatsetserekerapo ndi kulemera kwake konse, amavulala, ndipo kukhudzako kumawonjezera kuuma.

Tsopano lamba wa m'chiuno, amene ndiye mwini nkhani. Lamba wa mpando wa galimoto wa kwa ophwasula magalimoto amachita bwino, kapena lamba wa chikwama chakumsana wa masentimita 4 m'lifupi, wokhala ndi chomangira chapulasitiki chija chomangokanikiza n'kutseguka. Mumangirire ndi mabawuti, osati misomali, m'mbali mwa pokhalira, kutsogolo pang'ono kwa ngodya imene pokhalira pakumana ndi potsamira, kuti azikokera pansi ndi kumbuyo nthawi imodzi. Adutse pamwamba pa ntchafu, pansi pa timafupa tiwiri totuluka kutsogolo kwa chiuno. Asadutse pamimba. Akamangidwa palowe zala ziwiri zokha. Womasuka kuposa apo mwana amadutsa pansi pake. Ngati mwanayo amagwanso khunyu, monga ana ambiri amene anadwala malungo a mu ubongo kapena amene anabanika pobadwa, lamba aliyense akhale woti dzanja limodzi limumasule msanga, mfundo ayi.

Chinanso: musamagonetse potsamira pokha kumbuyo kuti mutu usagwe. Mukatsegula ngodya ya m'chiuno mwana wouma thupi amakungika kwambiri. Pendeketsani mpando wonse pamodzi, pokhalira ndi potsamira ngodya yake isasinthe, madigiri 10 mpaka 20. Kalipentala angachite zimenezi poika mpando pa chimango chokhala ndi mabowo atatu ndi bawuti yosuntha. Mwana wolobodoka thupi ndiye amafuna kupendekeka kumeneku kwambiri.

Zotchingira m'mbali mwa nthiti ndi timatabwa tokutidwa ndi siponji, tokhala zala ziwiri kapena zitatu pansi pa khwapa kuti tisafinye mitsempha ya m'manja. Chotsamira mutu chigwire pansi pa nkhongo ndi m'mbali pang'ono, chisakankhire mutu kutsogolo. Kathebulo ka kutsogolo kodulidwa mozungulira mimba, pa msinkhu wa zigongono, kamathandiza mutu kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa akatsamiza manja mapewa amakhazikika. Zonsezi zikakhalapo ndipo akugwerabe kutsogolo, lamba wa pachifuwa angathe kuikidwa, koma wodutsa pamapewa onse awiri, womangirira pansi, wokhala patali ndi khosi, ndipo nthawi zonse wa m'chiuno ndiye woyamba kumangidwa.

Ndikanakonda kuti kalipentala asakhome yekha mpando umenewu. Amene amakhoma makama ndi makabati kumsika kapena ku Chinamwali luso la matabwa ali nalo, koma akapanda kumuona mwana amapanga kampando kokongola ka ana a mkaka. Yambani mwapita kwa a mafizo (achipatala othandiza kuwongola ndi kulimbitsa thupi) ku chipatala cha Zomba Central akamupime ndi kukulemberani miyeso papepala, muwafunsenso ngati angakutumizeni ku Kachere ku Blantyre, kwa a MAP (bungwe lothandiza anthu olumala), kapena ku chipatala cha mafupa cha Beit CURE ngati ntchafu ili ndi vuto. Komanso musakhale miyezi mwana ali pamphasa mukudikira kalata. Miyeso ili pamwambayi mungaitenge nokha, mupite naye mwana kwa kalipentala, amukhazike pa mpando usanapakidwe vanishi, chilichonse chimangidwe ndi mabawuti kuti chizisuntha. Ndipo chikuku chija, ngakhale ndachinyoza, musachitaye. Ngati chimango chake chili chabwino, mpando wamatabwawu ungathe kukhala m'kati mwake, womangiriridwa ku zitsulo, mwapeza matayala opitira kuchipatala ndi kutchalitchi. Muyese kaye ndi thumba la chimanga lolemera ngati mwanayo, muone ngati sichikugudubukira chagada pokwera chitunda.

Ngati ndalama ya matabwa palibe, pali njira yopangira mpando wa makatoni imene inayambira ku Zimbabwe. Mumamata makatoni olimba atatu kapena anayi ndi phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu, mizere yake itapingasana, kuwapsinja ndi njerwa mpaka aume, kudula, kulumikiza, n'kukuta ndi mapepala a matumba a simenti. Umalimba kuposa mmene mungaganizire. Vuto lake kuno kwathu ndi chinyontho. Muupange nthawi ya dzuwa, uume kwenikweni, muupake penti ya mafuta kapena vanishi, apo ayi nkhungu, mphemvu ndi makoswe aumaliza. Siponji iliyonse muikute ndi pulasitiki kenako nsalu yochapika pamwamba, chifukwa cha mkodzo ndi dovu. Pulasitiki payokha imatenthetsa khungu, makamaka kumadera a kunyanja ya Chilwa.

Masiku oyamba akhalemo mphindi 20 kapena 30, mumutulutse, muyang'ane khungu kumatako, pafupa la kumchira, m'nthiti ndi pomwe padutsa lamba. Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye fufuzani malo amene adera kuposa pena, otentha kapena olimba mukawakhudza. Akapanda kubwerera mwakale pakatha theka la ola, pamenepo pakupanikiza, pakonzeni asanakhalemonso. Ngakhale atazolowera asapitirire maola 2 osasinthidwa, azigonako chafufumimba, aziimikidwako. Pomudyetsa mpando muuwongole, inu mukhale pansi maso anu alingane ndi ake, supuni ibwere kuchokera m'munsi. Akamadya chibwano chili m'mwamba phala limalowera ku mapapo, n'chifukwa chake ana amenewa chibayo sichiwatha. Pakatha miyezi 6 muyezenso ntchafu ndi miyendo, musunthe potsamira ndi popondera.