Potsanzikana ndi anamwino aja, lembani courage

Achemwali, mwafunsa kuti pa mawu a Chingerezi amene mukalankhule potsanzikana ndi anamwino amene akupuma pantchito, musankhe liti pakati pa courage, bravery ndi boldness, poti dikishonale yanu ikungoti onsewa ndi kulimba mtima. Mwatinso mayiwa anagwira ntchito m'tenti ya odwala kolera pa mliri wa 2022 ndi 2023. Ine ndikuti lembani courage.

Courage ndi ya munthu amene mantha ali nawo ndithu, akudziwa bwinobwino chimene chingamugwere, koma akupitabe. Liwuli linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo muzu wake ndi cor wa Chilatini, amene ndi mtima. Anamwino anuwo kolera ankaidziwa kuposa tonsefe. Ankaona munthu wodwala m'mawa womwewu, pofika madzulo maso alowa m'kati, mtsempha wolowetsa dripu ukusowa. Ankaweruka manja akununkha kolorini, kunyumba ana akudikira, kukacha n'kubwereranso kutenti komweko, miyezi ndi miyezi. Ankachita kusankha tsiku lililonse, ndipo courage imanyamula kusankhako.

Bravery imayenda kwambiri ndi ngozi yooneka ndi maso, yadzidzidzi. Anthu amene analowa m'matope ku Chilobwe mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, n'kumafukula anzawo ndi makasu, amenewo mukati brave mwalasa. Zoona, eni chilankhulo amasinthanitsa mawu awiriwa ndipo palibe amene angakuimitseni pakati pa malankhulidwe. Kungoti brave amauzanso mwana amene sanalire pobayidwa jakisoni, ndiye kwa mayi amene wakalambira pantchito ine ndimaona ngati likupepuka.

Courage imafikanso kumene kulibe moto kapena madzi osefukira. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, n'kuwerengedwa m'matchalitchi, chimenecho pa Chingerezi amati moral courage, kunena choona ukudziwa kuti chikupweteketsa. Ngati mayiwa anali oti mankhwala akamasowa amayankhula osaopa akuluakulu, liwu limodzi lomweli lakwanira zonse ziwiri.

Boldness isiyeni. Bold ndi munthu wosachita manyazi, wosazengereza, ndipo nthawi zina amatanthauza kuti wawonjeza. Mnzake audacity ndiye woopsa: mukamva kuti she had the audacity, dziwani kuti akunena mwano, sakuyamikira. Valour ndi ya kunkhondo. Mendulo ya Victoria Cross ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1856, yalembedwa kuti For Valour. Mukaliika pa namwino anthu aganiza kuti anali msilikali. Guts ndi la pocheza, pamaso pa mlendo wolemekezeka ayi.

Limene mungawonjezere ndi fortitude, kupirira pa zowawa zokhalitsa. Ndi liwu lolemerako, la m'mabuku, choncho litchuleni kamodzi kokha, kapena osalitchula n'komwe ngati omvera ambiri ndi a m'mudzi.

Polemba musamale pang'ono. Courage si chinthu chimene amachiwerenga kuti chimodzi, ziwiri, ndiye palibe a courage kapena courages. Nenani kuti she showed great courage, kapena she is a courageous woman. Mukatero tsatizani nkhani imodzi yeniyeni ya kutenti kuja, imene anzawo a pantchito akuikumbukira, koma dzina la wodwala musatchule. Afunseni anzawowo sabata ino, mwambo usanayandikire.