Chigayo chakale pakati pa nyumba za anthu: kodi khonsolo ingachigwetse?

Bambo wina wa ku Nchalo watilembera pa imelo. Chigayo chimene malemu bambo awo anawasiyira chinamangidwa m'zaka za m'ma 1990 pamalo amene panali patchire. Lero pazungulira nyumba, ndipo amva kuti pulani ya khonsolo inaika deralo kukhala la nyumba zogonamo. Khoma limodzi linagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Akufuna kulimanganso, n'kuwonjezera chipinda cha makina opunthira mpunga. Akufunsa ngati khonsolo idzawagwetsera chigayocho.

Bambo, mantha anu ali pa chigayo chakalecho, koma ngozi ili pa chipinda chatsopanocho.

M'mizinda yambiri, chinthu chimene chinamangidwa movomerezeka pulani isanasinthe chimaloledwa kupitiriza ntchito yake momwe chilili. Pulani yatsopano imalamulira zimene mudzachite mawa. Chifundo chimenechi chili ndi malire: osakulitsa, osasintha ntchito, osasiya malowo ali chitsekere. Ku America, mizinda yambiri imati ngati nyumba yotere yawonongeka kuposa theka la mtengo wake, kapena yatsekedwa miyezi 6 kapena 12, ufulu wakalewo watha. Manambalawa ndi a kumeneko, musawatengere ku khonsolo ya Chikwawa, koma ganizo lake ndi lomwelo.

Kuno kwathu lamulo ndi Physical Planning Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa lamulo la 1988. Kale chilolezo chomangira chinkafunika m'madera osankhidwa okha; tsopano dziko lonse lili pansi pa mapulani. Kumanganso, kuwonjezera chipinda, kapena kusintha ntchito ya malo, zonsezi zimafuna chilolezo. Kalata ya amfumu imaonetsa mmene munapezera malo. Si chilolezo chomangira, ndipo anthu ambiri amagwa pomwepa.

Njerwa musagule kaye. Yambani mwasonkhanitsa umboni wakuti chigayocho n'chakale ndipo sichinaleke kugaya: malaisensi a bizinesi a zaka zam'mbuyo, malisiti a khonsolo, mabilu a ESCOM, lizi ngati ilipo, ndi zithunzi za khoma logwalo. Mukatero pitani ku ofesi ya mapulani ku khonsolo, mupemphe kuona mapu enieniwo. "Ndamva" si pulani. Pemphani zinthu ziwiri padera: kukonza khoma pamaziko akale, ndi chipinda cha mpunga. Mukaziphatikiza, kukanidwa kwa chachiwiri kungatsekereze choyamba. Makina a mpunga amabweretsa phokoso, fumbi ndi mulu wa mankhusu, ndiye pulani yanu ionetse kumene mankhusuwo azipita, maola ogwirira ntchito, ndi mtunda wofika pa nyumba yoyandikana nayo. Kambiranani ndi aneba musanapereke mapepala, chifukwa madandaulo awo ndi amene kawirikawiri amadzutsa nkhani zoterezi.

Mukamanga mwakachetechete, khonsolo ili ndi mphamvu yokulemberani kalata yoimitsa ntchito kapena yolamula kuti mugwetse nokha pofika tsiku lakuti. Kalata yotere musaiike pansi pa mphasa. Lamulo limapereka mwayi wa apilo, koma masiku ake ndi owerengeka.

Pali zinthu ziwiri zimene ukale wa chigayo sungakutetezeni nazo. Choyamba ndi msewu: ngati muli m'mbali mwa M1, yezani mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, chifukwa malo amenewo ndi a msewu. Chachiwiri ndi madzi. Chigwa cha Shire chino chinaona madzi osefukira mu 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, kenako Freddy. Ngati ploti yanu ili m'njira ya madzi, wa mapulani akakana chipinda chatsopano sakukuzondani. Ife tikuti ngakhale atavomera, maziko muwakweze kupitirira pamene madzi a Freddy analekezera pakhoma, mota ndi bolodi ya magetsi zikhale pamwamba, ndipo khomalo limangidwe ndi simenti, osati dothi.