Alduin ndi mulungu, koma si Akatosh

Achimwene, mwafunsa ngati Alduin wa mu Skyrim, gemu ya Bethesda ya 2011 ija, ndi mulungu kapena chinjoka chachikulu chabe. Ine ndikuti ndi mulungu ndithu, koma si Akatosh, mulungu wa nthawi mu gemuyi, monga ena amanenera. Mwiniwakeyo amadzitcha mwana woyamba wa Akatosh.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi mathero a nkhondo yomaliza yolimbana naye ku Sovngarde, kumene kumapita mizimu ya ngwazi zikamwalira. Zinjoka zinazi mukazipha, thupi limayaka, mzimu n'kulowa mwa inu, pansi n'kutsala mafupa okhaokha. Alduin ayi. Amangosweka, mphamvu zake n'kukwera kumwamba, inu osalandirako kalikonse. Ine ndinakhala maso ali tong'o pa sikirini kudikira kuwala kuja, koma sikunabwere. Pambuyo pake Arngeir, mkulu amene amakuphunzitsani mu gemuyi, amanena kuti mwina adzabweranso kudzakwaniritsa ntchito yake yomeza dziko pa mapeto a nthawi.

Ena amati mulungu wanji wogonja kwa munthu. Akumbukire kuti ngwazi zimene zinamenyana naye kalekale zinalephera kumupha, zinangomuponya kutsogolo kwa nthawi ndi Elder Scroll, mpukutu wa mphamvu zodabwitsa. Ndipo zinachita kupeka mfuu yatsopano yamatsenga, Dragonrend, yomulawitsa imfa imene iye sanaidziwepo, kuti angotera pansi.