Doko 80 likadali lotseka ngakhale mwasintha pa system-config-securitylevel

Achimwene, mwati mukachonga WWW (kuti mutsegule doko 80, khomo limene anthu amafikira pa webusaiti) pa system-config-securitylevel, chida chosinthira firewall ya CentOS 5, n'kudina OK, webusaiti yanu siitsegukabe kuchokera pa kompyuta ina. Musathamangire kuzimitsa firewall yonse, yomwe ndi chitetezo chotsekereza olowa pa netiweki, seva ingatsale pambalambanda.

Chida chimenechi chimangolemba malamulo mu /etc/sysconfig/iptables, pamene wotsekereza madoko weniweni ndi pulogalamu ya iptables. Ndiye lowani ngati root (akaunti ya woyang'anira kompyuta), mulembe iptables -L -n, muone ngati pali mzere wa dpt:80, wolola doko 80. Ngati palibe, tsegulani failo ija. Mzerewo ukapezeka mmenemo, ndiye kuti malamulo atsopano sanayambe kugwira ntchito, ndipo service iptables restart ikonza zimenezo.

Ukasowa konseko, vuto lili m'chidacho. Chiyatseni kuchokera pa terminal, osati pa menyu. Chinalembedwa mu Python, kotero chikaphonya chimalavula traceback (mizere yosonyeza pamene palakwika) pomwepo. Mutitumizire mizere yomalizayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chidachi chimalembanso failo yonse mukadina OK, malamulo amene munawonjezera pamanja n'kufufutika. Koperani failoyo kaye musanayesenso.

Doko likatseguka koma tsamba n'kumakanabe, onani getenforce ndi /var/log/audit/audit.log, mwina ndi SELinux, chitetezo china cha m'kati mwa CentOS.